Molasesi akakana kutuluka, musathamangire kugula pampu

Foni inalira ndisanamwe n'tiyi yemwe, m'mawa wina wa mwezi wa Julaye, chisanu chikuluma zala. Anali mkulu wina woweta ng'ombe zonenepetsa kufupi ndi Chegutu. "Achimwene, tanyamulani masipanala anu mubwere. Valavu ya thanki yafa, molasesi akungodontha ngati misozi ya mwana wonamizira kulira. Mwina tigule pampu basi."

Ndinakwera kombi kuchokera ku Rimuka. Nditafika ndinapeza thanki yoyera ija ya malita 1,000, yokhala m'chikhola cha zitsulo, imene m'ntchito yathu timaitcha IBC. Anyamata anali atatchera ndowa pansi, manja ali m'khwapa, kudikira. Valavu inalibe vuto ngakhale pang'ono. Pakamwa pake, pa mamilimita 50, iwo anali atamangirirapo kachochepetsera ndi kapaipi kothirira dimba ka mamilimita 25, kotalika mpaka kukafika ku khola. Chivindikiro cha pamwamba anali atachimanga zolimba poopa njuchi, ndipo nthiti za thankiyo zinali zitayamba kulowa m'kati. Ndinamasula chivindikiro, mpweya n'kulowa kuti fyuu. Ndinachotsa kapaipi kaja, ndipo molasesi anatsika bwinobwino, wonenepa ngati mkono wa khanda. Madala aja anandiyang'ana ngati ndawabera ndalama ya kombi.

Zaka zonse zimene ndakhala ndikumanga mapaipi ndi mavalavu kuno ku Kadoma, kumene agogo anga anafika kuchokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito ya pamgodi, vuto lomwe ndakumana nalo kwambiri ndi limeneli. Anthu amasankha valavu ndi nzeru za madzi. Koma madzi ndi ofatsa, amadutsa paliponse. Molasesi wochokera ku Triangle ndi Hippo Valley, uchi, guluu, sopo wamadzi, sitachi wophika, zonsezi n'zina. Pa muyeso umene timayezera kulimba kwa zamadzimadzi, madzi ali pa 1, mafuta ophikira ali pa makumi angapo, pamene molasesi amafika masauzande, ndipo kukazizira amalimbiratu.

Pali lamulo limene anatulukira dokotala wa ku France, dzina lake Poiseuille, cha m'ma 1840, pofufuza mmene magazi amayendera m'mitsempha. Mwachidule likuti, zinthu zolimba zikamayenda pang'onopang'ono m'paipi, ukachepetsa kukula kwa bowo ndi theka, zotulukazo sizichepa ndi theka ayi, zimachepa ka 16. Ndiye kuti kapaipi ka madala aja kankatulutsa ndowa imodzi pa nthawi imene paipi ya mamilimita 50 yotalika chimodzimodzi ikanatulutsa ndowa 16. Mbali inayo ndi yokoma: ukachoka pa 50 n'kufika pa 80, zotuluka zimachuluka kupitirira kasanu n'kamodzi, popanda magetsi, popanda dizilo. Kutalika kwa paipi nakonso kumadya liwiro, koma osati mwankhanza chonchi. Mayi aliyense amene anayesapo kutsanula phala kuchokera m'botolo la Mazoe lamuloli akulidziwa kale, kungoti sanalipatse dzina.

Tsono valavu yeniyeniyo. Matanki ambiri amabwera ndi mtundu wotchedwa butterfly. M'kati mwake muli kambale kozungulira kamene kamatembenuka ukapotoza chogwirira. Vuto lake ndi lakuti ngakhale utatsegula mpaka kumapeto, kambaleko kamakhalabe pakati pa njira, ngati munthu woima chammbali pakhomo la nyumba. Madzi amamulambalala osadandaula. Molasesi amamukakamira, kuunjikana pa iye, ndipo akauma usiku, m'mawa mnyamata wamphamvu amathyola chogwirira cha pulasitiki pokakamiza. Mtundu winawo ndi wa mpira, ball valve, umene uli ndi chibulumwa chobooledwa pakati. Ukatsegula, bowo limayang'anizana ndi paipi, njira n'kukhala pululu. Pa zinthu zolimba ndi zomata, ine ndimasankha umenewu nthawi zonse, ngakhale ndi wokwererapo mtengo.

Koma musakhulupirire zolembedwa pa bokosi zokha. Alipo mavalavu a mpira amene kunja ndi a mainchesi awiri koma bowo la m'kati ndi laling'ono. Itengeni m'manja m'sitolo momwemo, muitsegule, muiloze kowala, musuzumire. Ngati bowo la m'kati likuchepa poyerekeza ndi pakamwa, ibwezeni. Wogulitsa akakwiya, akwiye.

Za mazinga sindichulukitsa. Thanki ya pakamwa pa mamilimita 50 nthawi zambiri ili ndi mazinga akuluakulu otchedwa S60x6, ya 80 ili ndi S100x8, ndipo onsewa sagwirizana ndi mazinga ang'onoang'ono a mapaipi a m'nyumba. Kukulunga malamba a tchubu cha njinga sikuthandiza. Dziwaninso kuti khosi la thanki analiumba kufakitale, simungalikulitse. Ngati ntchito yanu ndi ya molasesi chaka chonse, funani thanki ya khosi la 80 pogula pomwepo.

Chimene anthu sachiona ndi kalabala kotseka mipata m'kati mwa valavu, ndipo ndi kamene kamagwetsa ambiri. Labala wotchedwa EPDM amapirira madzi, molasesi ndi soda yowotcha ija imene aliyense amene anagwirako ntchito ya nsalu ku David Whitehead, kuno kapena ku Chegutu, akuidziwa bwino. Koma mukamuika pa mafuta, monga ofinyidwa ku njere za thonje kapena a injini, amatupa, kufewa, valavu n'kuyamba kuuma potsegula, kenako kudontha. Labala wotchedwa Viton ndiye wa mafuta, koma soda yamphamvu imamuwononga. N'chifukwa chake munthu akandifunsa valavu, ndimayamba ndamufunsa chimene chili m'thankimo. Ena amaona ngati ndikufuna kudziwa za malonda awo.

Palinso kulemera. Lita imodzi ya molasesi imalemera pafupifupi kilogalamu 1.4, choncho thanki yodzaza ili ndi matani 1.4, osawerengera chikhola chake. Kuikweza pamwamba kumathandiza kuti zitsike msanga, inde, koma osati pa migolo iwiri ndi thabwa la mlombwa lobwereka. Ndipo paipi yolemera isalendewere pa valavu popanda chochirikiza, khosi la pulasitiki limang'aluka. Amene amaona molasesi ngati chinthu chofatsa amve izi: pa 15 Januwale 1919, mumzinda wa Boston ku America, thanki yaikulu ya molasesi inaphulika, ndipo anthu 21 anafa.

M'nyengo yozizira, mankhwala otchipa ndi dzuwa. Ikani thanki poti lizifika, muzitunga masana osati mbandakucha. Moto pansi pa thanki ya pulasitiki ayi, chonde. Kuthira madzi m'thanki yonse kuti molasesi asungunuke nakonso n'kudzipweteka, chifukwa amayamba kusasa ngati masese. Sungunulani okhawo amene ng'ombe zidye tsiku limenelo.

Chimodzi chokha ndimalankhula nditakweza mawu. Dera lathu lino ndi la golide: Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari, Golden Valley, ndi timigodi tosawerengeka ta m'tchire. Matanki akale amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu wa Harare ndi Bulawayo amaoneka oyera akatsukidwa, koma palibe amene angakulumbirireni chimene chinali m'katimo. Pulasitiki amamwa mankhwala ena, ndipo zotsalira zimabisala kuseri kwa kalabala ka valavu kumene madzi otsukira safika. Safunsa anadya phula. Thanki imene chizindikiro chake chinachotsedwa ndipo mbiri yake simukuidziwa isalandire mafuta ophikira, uchi, madzi akumwa kapena chakudya cha ziweto, ngakhale mutasintha valavu.

Madala a ku Chegutu aja pampu sanagule. Tinaika valavu ya mpira, paipi yaifupi ya mamilimita 50 ndi kachivindikiro kolowetsa mpweya kokhala ndi sefa yotchinga njuchi. Inu amene thanki yanu yayamba kudontheza chisanu chino, musanandiimbire foni, kamasuleni kaye chivindikiro cha pamwamba, muyeze paipi imene mwalumikiza. Zikakanika, bwerani ndi valavu yakaleyo m'thumba, ndipo mundiuze zoona za chimene chili m'thankimo.