Njinga ya matayala onenepa: musanaitanitse chilichonse ku Joni, yezani kaye felemu

Amene anapalasapo njinga m'misewu yafumbi ya ku Euthini mwezi wa Okutobala akudziwa zimene mchenga umachita. Ukuyenda bwinobwino, kenaka tayala lakutsogolo langotitimira, handulo yayamba kuvina yokha, ndipo usanaganize n'komwe watsika, ukukankha. Dzuwa lili pamutu, malo amene ukupita akadali kutali.

Ndiye tsiku lina ukuyang'ana pa Facebook kapena TikTok, waona mzungu akudutsa pamchenga ngati pa tala, pa njinga ya matayala aakulu ngati a njinga yamoto. Mtima umangoti: imeneyi ndiye yathu ija.

Msuweni wanga zinamuchitikira chimodzimodzi. Monga mabanja ambiri a ku Mzimba, ifenso tili ndi m'bale ku Johannesburg. Msuweniyo anamupempha kuti amugulire matayala awiri onenepa ndi machubu ake. Katundu anafika ndi a thiransipoti patatha masabata angapo, chimwemwe chili tsaya. Tsiku lomwelo tinapita nawo kwa bambo wina wokonza njinga pamsika. Bamboyo sanalankhule zambiri. Anangotenga tayala limodzi n'kuliyandikiza pa felemu ya njinga ya msuweni wangayo, ndipo tonse tinadzionera tokha kuti silingalowe ngakhale theka. Mpaka lero matayala aja ali pamwamba pa kabati.

Maganizo ake sanali olakwika. Chimene chinalakwika n'choti anayambira kumapeto.

Chinsinsi chili mu mpweya

Njinga imeneyi pa Chingerezi amati fat bike. Tayala lake limakhala lotambalala mainchesi 3.8 kapena kuposa, pomwe la mountain bike wamba limakhala cha m'ma 2. Koma kunenepako pakokha si kumene kumagwira ntchito. Tayala lalikulu limakulolani kuika mpweya wochepa kwambiri, mwina 5 mpaka 10 psi pamchenga wofewa, pomwe mountain bike wamba yokhala ndi chubu ambiri amaipopa kufika 30 kapena 40. Tayala likakhala lofewa chonchi limaphwathalala pansi, kulemera kwa munthu ndi njinga kumagawikana pamalo aakulu, ndiye m'malo mokumba mchenga limadutsa pamwamba.

Nzeruyi inachokera kwa anthu amene anali ndi vuto ngati lathu lomweli. M'zaka za m'ma 1980, Mfalansa wina, Jean Naud, anayenda m'chipululu cha Sahara pa njinga ya matayala onenepa. Ku Alaska, kumene mpikisano wa Iditabike unayamba mu 1987, opalasa ankatitimira mu chipale chofewa, mpaka amisiri ena anayamba kulumikiza malimu awiri kuti likhale limodzi lotambalala. Ku New Mexico, Ray Molina anapangitsa malimu ndi matayala otambalala kuti aziyenda bwino pamchenga. Mu 2005 kampani ya Surly ya ku America inatulutsa njinga yotchedwa Pugsley, ndipo kuyambira pamenepo njinga zotere zinayamba kupezeka m'masitolo.

Choncho musachite manyazi kuti mukufuna kulumikiza yanu. Oyambawo anachitanso chimodzimodzi, kungoti iwo ankayeza asanadule.

Funso loyamba: mudzayenda nayo kuti?

Khalani pansi mulembe misewu imene mumayenda pa sabata. Ngati yambiri ndi ya mchenga, madambo ouma ndi tinjira ta m'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru, tayala lonenepa lidzakuthandizani. Koma ngati mumakhala pa Mzimba boma ndipo nthawi zambiri muli pa tala, mudzalira. Pamsewu wolimba tayala lofewa limakoka, ndipo lililonse limalemera kuposa kilo imodzi chubu chisanalowe. Mnzanu wa kabaza adzakudutsani atanyamula munthu ndi thumba la chimanga.

Nthawi ya dzinja nayo ili ndi zake. Pamatope oterera tayala lalikulu limathandizako, koma pa dothi lomata limatola matope ochuluka mpaka gudumu kukana kuzungulira.

Ndipo ngati maloto anu ndi a masewera, dziwani kuti malo otchuka a mountain bike kuno kumpoto, monga ku Luwawa pa Viphya kumene kunachitikirapo mpikisano wa njinga zam'mapiri, kapena ku Chelinda pa Nyika, ndi a zitunda ndi njira zolimba. Kumeneko njinga yopepuka imaposa yonenepa.

Felemu ndiyo imalamula

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mountain bike wamba ndi fat bike zimasiyana miyeso itatu imene simungainyengerere.

Woyamba ndi mpata wa tayala pakati pa mapaipi akumbuyo ndi pakati pa foloko. Tayala liyenera kusiya mamilimita osachepera 6 mbali iliyonse, ndipo kwa ife a matope ndi bwino kuwonjezerapo.

Wachiwiri ndi kutalika kwa habu. Pa mountain bike zambiri zakaunjika, habu yakutsogolo ndi mamilimita 100, yakumbuyo 135. Pa fat bike yakutsogolo imakhala 135 kapena 150, yakumbuyo imayambira 170 kufika 197.

Wachitatu ndi chipaipi chapansi chimene mumadutsa ekiselo ya mapedulo. Pa njinga wamba ndi mamilimita 68 kapena 73, pomwe pa fat bike zambiri ndi 100. Amachitalikitsa dala kuti tcheni isamakhule tayala mukaika giya yokwerera phiri.

Tengani tepi, yezani malo atatu amenewa pa njinga yanu, mujambule ndi foni. Mukatero mudzaona nokha kuti kuika tayala la mainchesi 4 pa felemu wamba sikutheka. Mukufunika felemu ndi foloko zimene zinapangidwira matayala amenewo, pamodzi ndi malimu otambalala a mamilimita 65 kapena kuposa.

“Tingodula n'kuwotcherera”

Mawu amenewa mudzawamva ndithu, ndipo amisiri athu owotcherera ndi aluso, amene amapanga makaliyala onyamula matumba sangalephere zambiri. Komabe chenjerani ndi zinthu ziwiri.

Choyamba, dziwani chitsulo chimene muli nacho. Ikani maginito pa felemu. Ikamata, felemuyo ndi ya chitsulo ndipo mmisiri wodziwa akhoza kuigwira. Ikapanda kumata, kawirikawiri ndi ya aluminiyamu, imene siwotchereredwa ndi makina wamba a pamsika, ndipo ikatenthedwa imafooka pamalo pomwepo.

Chachiwiri, foloko musaiseweretse. Paipi yakumbuyo ikang'aluka mumamva kulira kwachilendo ndipo mumaima. Foloko ikathyoka pamtsetse, mumagwa chamutu. Ndalama imene mwapulumutsa podula foloko yakale siikwana ngakhale ulendo umodzi wakuchipatala. Gulani foloko yeniyeni, kapena siyani.

Njira ziwiri zomwe zilipo

Njira yoyamba ndi ya fat bike yeniyeni. Ngati muli ndi m'bale ku South Africa, kapena mwaipeza kwa ogulitsa njinga zakaunjika ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, gulani felemu, foloko ndi magudumu onse awiri limodzi, ngakhale zina zonse zitakhala zakutha. Zinthu zitatu zimenezi ndizo zovuta kugwirizanitsa. Chishalo, handulo, mapedulo, tcheni ndi makebulo mudzazipeza kuno. Funsani mtengo wotumizira ndi msonkho musanalipire chilichonse, chifukwa chiyambire pomwe kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wakunja sakhululuka. Ndipo m'katundu yemweyo muikemo machubu osachepera awiri apadera.

Njira yachiwiri ndi imene ndingalangize ambiri. Pezani mountain bike yakaunjika ya felemu yachitsulo, ya magudumu a mainchesi 26, muikemo tayala lalikulu kwambiri limene lingalowe bwino, mwina 2.3 kapena 2.4. Mukafika pamchenga, phwetsani mpweya pang'ono mpaka tayala liziphwathalala mukakwera, koma limu lisamagunde pansi. Mukabwerera pamsewu wolimba, popaninso. Sidzadutsa pamchenga wakuya ngati ya mu vidiyo ija, koma malo ambiri amene munkatsika mudzadutsa muli pachishalo. Ubwino wake waukulu ndi woti chubu, masipoko ndi habu zake zimapezeka pafupifupi pamsika uliwonse.

Mabuleki, magiya ndi masipoko

Pa fat bike, mabuleki ogwira pa limu sakwana, ndiye mufunika a disiki. Sankhani a kebulo osati a mafuta. A mafuta amagwira bwino, koma akadontha muli ku mudzi mulibe chochita, pomwe kebulo aliyense wokonza njinga amaidziwa.

Pa magiya, musatengeke ndi kuchuluka kwake. Chofunika ndi giya yopepuka. Kutsogolo mano 30 kapena 32, kumbuyo giya yaikulu ya mano 36 kapena kuposa, zimakwanira pamchenga ndi pazitunda.

Ngati mukumangitsa gudumu, pitani ndi habu ndi limu kwa mmisiri kuti ayeze yekha masipoko. Kutalika kwa sipoko kumadalira zinthu ziwirizo, ndipo mabowo a habu ayenera kufanana ndi a limu, kaya 32 kaya 36. Gudumu lomangidwa bwino ndi mmisiri wa pamsika limakhalitsa kuposa latsopano lomangidwa mothamanga. Mulipireni bwino, ndipo mukayenda nalo sabata imodzi mubwerere akalimbitsenso.

Tsiku limene idzaphwe

Musanatulutse ndalama, dziyerekezeni muli pakati pa tchire, dzuwa likulowa, munga wabaya tayala. Ngati bowo ndi laling'ono mudzamata ngati chubu china chilichonse. Koma chubu chikang'ambika pa valavu, kapena tayala likadulidwa ndi chitsa m'mbali, kodi lina mudzalipeza kuti? Wokonza njinga wapafupi adzakhala ndi machubu a njinga za kabaza ndi a mountain bike wamba. La mainchesi 4 mudzalidikira kuchokera ku tauni kapena ku Joni, ndipo njinga idzakhala ili m'nyumba.

Apa ndi pamene njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief limabweretsa kuno ku Malawi, zingatiphunzitse kanthu. Si zokongola kwenikweni, koma anazipanga poganizira kuti zipangizo zake zizipezeka ndipo amisiri a m'deralo azitha kuzikonza. Yanunso muipange ndi maganizo omwewo. Pachida chilichonse chimene mukufuna kugula, dzifunseni kuti chikawonongeka mudzachipeza kuti, ndipo adzachikonza ndani.

Msuweni wanga pomaliza anatsata njira yachiwiri. Anapeza felemu yachitsulo, bambo uja anamumangira magudumu, ndipo tsopano amayenda ndi kapampu kakang'ono kokoloweka pa felemu. Matayala onenepa aja sanawagulitse. Akuti akusunga ndalama ya felemu yake, ndipo ulendo uno miyeso yonse itatu anailemba kale mu foni.