Chimene ma county a ku California amakapempha ku Sacramento

Wowerenga wina wandifunsa chifukwa chake akuluakulu a ma county ku California amapita chaka ndi chaka ku nyumba ya malamulo ku Sacramento atanyamula mndandanda wa zofuna zawo. Inenso poyamba zinkandizunguza mutu: dera lolemera ngati limenelija, n'kumapemphanso?

County ili ngati khonsolo kuno kwathu, ndipo California ili ndi ma county 58. Ndiwo amayang'anira ndende za m'dera, chithandizo cha odwala matenda a maganizo, ana osowa owasamalira komanso misewu ya kumidzi. Kale ankadalira msonkho wa nyumba ndi malo, umene ankatha kuukweza okha. Mu 1978 anthu anavotera Proposition 13, lamulo limene linatsekera msonkhowo pa 1 peresenti ya mtengo wa malo, ndipo kagawidwe ka ndalamazo kanapita m'manja mwa aphungu.

Zili ngati mayi amene wauzidwa kuti aziphikira banja lonse, koma kiyi wa chipinda cha ufa ali ndi wina. Alendo akachuluka, sangatape ufa yekha.

Ndipo alendo amachulukadi. Mu 2011 boma la California linaika akaidi ambiri a milandu yocheperako m'manja mwa ma county. Ndalama zinabwera, koma ma county ena anadandaula kuti sizinakwane. N'chifukwa chake pempho lawo silisintha: mukatipatsa ntchito, tipatseninso ndalama zake. Ine ndikuti pempholi n'loyenera ndithu, chifukwa chithandizo chikasowa, wovutika amakalira ku ofesi ya county, osati kwa aphungu.