Ngodya ya shopu ndi tebulo la lendi zingakope achinyamata aluso la mafoni

M'misika ya m'mbali mwa msewu wa Lilongwe-Mchinji, kuyambira pa Mpingu ndi Chitedze kukafika pa Namitete, komanso chakumtunda ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, muli mashopu ambiri omwe katundu wake sadzaza chipinda. Mwini shopu amalipira lendi ya chipinda chonse pomwe akugwiritsa ntchito theka lokha. M'madera omwewo muli achinyamata odziwa kukonza mafoni, kulemba makalata pakompyuta, kusindikiza zithunzi ndi kuyendetsa Airtel Money kapena TNM Mpamba, koma alibe mpamba wolipirira chipinda chawochawo. Ambiri amathera m'tauni ku Lilongwe, ena ku Joni, ndipo mlimi yemwe foni yake yasweka galasi amawononga ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera kuti akaikonzetse.

Anthu awiriwa angathe kuthandizana, ndipo njira yake si yachilendo. M'mizinda ikuluikulu makampani ofuna akatswiri a makompyuta anasiya kumanga maofesi a zipupa zosasunthika. Amagawa chipinda ndi matabwa ochotseka, amabwereka mipando ndi matebulo pamwezi, ndipo anthu akachuluka kapena kuchepa amangosintha makonzedwe. Kuno kwathu, malo ngati mHub ku Lilongwe, omwe anayambitsa Rachel Sibande, amapatsa achinyamata pokhala, magetsi ndi intaneti kuti ayambe ntchito asanakhale ndi ofesi yawo. Mwini golosale pa Nsaru angachite zofananazo ndi ngodya imodzi ya shopu yake.

Mnyamata kapena mtsikana wa ntchito zotere amafuna zinthu zochepa koma zodalirika. Choyamba ndi magetsi. Wokonza mafoni sangawotcherere popanda moto, ndipo printa siyenda ndi kasola kowunikira m'nyumba. Shopu yomwe ili ndi magetsi a ESCOM, kuphatikizapo sola, batire ndi inverter zothandiza akazima, imakopa msanga kuposa shopu yokongola yopanda soketi. Chachiwiri ndi tebulo lolimba lokhala ndi dilowa yokiya, pakuti mafoni a makasitomala ndi ndalama za ejenti sizigona poyera. Chachitatu ndi kuwala. Tebulo la wokonza mafoni liyenera kukhala pafupi ndi windo kapena khomo chifukwa tizipangizo ta m'foni n'tating'ono kwambiri. Chachinayi ndi benchi yodikirirapo makasitomala.

Pogawa chipinda, njerwa ndi simenti si zofunika. Chipupa cha njerwa chikamangidwa, ndalama yapita, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, chipupacho chimatsalira mwini nyumba. Mafelemu a matabwa okhomedwa pulayiwudi amasunthika ndi anthu awiri. Tebulo lisakhomeredwe pansi, mashelefu akhale oima paokha. Izi zimathandiza chifukwa malonda a m'madera amenewa amayenda ndi nyengo. Kuyambira April mpaka August, pomwe fodya akugulitsidwa ku Kanengo ndipo mtedza ndi soya zili pamsika, ndalama zimazungulira ndipo ejenti amafuna malo aakulu. Nthawi yogula zipangizo za ulimi, October mpaka December, mwini shopu angafune ngodyayo kuti aunjikepo mbewu ndi feteleza. Mu January ndi February, miyezi ya njala, makasitomala amachepa kwa onse. Chipinda chogawidwa ndi matabwa chimatsatira kusinthaku popanda kugumula kanthu.

Makalipentala nawo ali ndi mwayi pamenepa. Dera la Namitete lili ndi amisiri ambiri a matabwa, ena mwa iwo anaphunzira pa Namitete Technical College, ndipo mipando yawo nthawi zina imakhala miyezi ikuwombedwa ndi dzuwa kudikira wogula. Kalipentala angabwereketse tebulo, mpando ndi kabati kwa wachinyamata woyamba kumene, n'kumalandira ndalama pamwezi. Angapanganenso kuti wobwerekayo akalipira miyezi yakutiyakuti, katunduyo asanduka wake. Wachinyamatayo amasunga mpamba wake wochepa kuti agule zida, magalasi a mafoni kapena float, zomwe ndi zimene zimabweretsa ndalama tsiku ndi tsiku.

Masamu ake ayenera kuchitika ndalama isanatuluke m'thumba. Mwachitsanzo chabe, ngati tebulo, mpando ndi benchi zadya K120 000, ndipo lendi ya ngodyayo pamodzi ndi mipandoyo ndi K15 000 pamwezi, ndalamayo ibwerera pakatha miyezi 8. Koma wamalonda wanzeru sawerengera miyezi 12 yonse. Ngati malowo akhala opanda munthu miyezi itatu, pachaka palowa K135 000, kutanthauza kuti phindu lenileni liyamba kuoneka m'chaka chachiwiri. Ndalama ya magetsi ikhale payokha, makamaka ngati pali makina a fotokope kapena malo otchajira mafoni ambiri, apo ayi mayunitsi adzadya lendi yonse. Mtengo wa lendi uziunikidwanso pakapita miyezi ingapo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anapangana mtengo umodzi kwa nthawi yaitali anaona ndalama yawo ikusungunuka.

Phindu lina silioneka pa risiti ya lendi. Munthu wobwera kudzatapa ndalama kwa ejenti amakhala ndi ndalama m'manja ali m'shopu momwemo, ndipo shuga, sopo ndi mafuta ophikira zili pamaso pake. Wodikira foni yake amagula zakumwa. Pa Chitedze, pomwe pali malo a kafukufuku wa zaulimi omwe anatsegulidwa mu 1948, ndi pa Namitete, pomwe pali chipatala cha St Gabriel's ndi sukulu, pamadutsa anthu ambiri ofuna fotokope, zithunzi za pachiphaso ndi kutumiza ndalama. Shopu yomwe ili ndi ntchito zimenezi imadziwika, ndipo anthu amailozerana.

Ngozi yaikulu pa bizinesi yotere inaoneka pa kampani ya WeWork, yomwe inayamba mu 2010 ku New York. Kampaniyi inkachita lendi nyumba zikuluzikulu kwa zaka zambiri, n'kumabwereketsa matebulo ndi tizipinda kwa anthu olipira pamwezi. Mu 2019 mtengo wake unkawerengedwa kuti ndi madola 47 biliyoni. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020 obwereka ambiri anachoka, koma eni nyumba anapitiriza kufuna lendi yawo, ndipo mu November 2023 kampaniyi inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole. Phunziro lake n'lofanana ngakhale pa Kabudula. Kubwereketsa ngodya yomwe ili kale yopanda ntchito n'kwabwino, koma kuchita lendi chipinda china chonse podalira kuti achinyamata adzabwera n'kudziika pa ngongole yomwe obwerekawo sadzathandiza kulipira akachoka.

Mikangano yambiri imabwera chifukwa chopangana pakamwa. Mgwirizano ulembedwe papepala, aliyense asunge lake, ndipo pakhale mboni monga wapampando wa komiti ya msika kapena nyakwawa. Pepalalo litchule ndalama ya lendi ndi tsiku lolipira, chikole cha mwezi umodzi, mndandanda wa mipando ndi mmene ilili, amene amasunga makiyi, nthawi yotsegula ndi kutseka, komanso masiku ochenjeza wina asanachoke. Litchulenso poyera amene adzayankhe foni ya kasitomala ikasowa, chifukwa mwini foniyo amadzalalatira mwini shopu yemwe amamudziwa nkhope. Ngati shopuyo ndi ya lendi, mwini nyumba avomereze kaye. Wobwerekayo akhale ndi zilolezo zake, monga cha khonsolo, ndipo ngati amaika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori, akhale ndi cha COSOMA. Wokonza mafoni azilemba dzina ndi nambala ya aliyense wosiya foni, kuti yakuba isalowetse shopu yonse m'mavuto ndi apolisi.

Koyambira kwabwino ndi tebulo limodzi ndi munthu mmodzi wodziwika kwawo, kwa miyezi itatu yoyeserera. Mwini shopu azilemba zomwe wagulitsa tsiku lililonse, asanabwere wobwerekayo komanso atabwera. Kope limenelo ndi lomwe lidzanene ngati tebulo lachiwiri likufunika.