Diso Limanamizidwa M'chigafa

Msika wa Chinkhoma ku Kasungu ukamayandikira kutsegulidwa, m'zigafa mumakhala ntchito yosankha fodya. Mlimi amayala masamba, kupatula ofiira, achikasu ndi akuda, kenako n'kudinda belo. Belo lija likabwezedwa kumsika ati n'losakaniza, iye amalumbira kuti anasankha bwino. Ine ndimamukhulupirira, chifukwa diso limaona chinthu molingana ndi zimene zachizungulira.

Tsamba lofiirira likagona pambali pa lakuda limaoneka lowala, koma lomwelo likakhala pakati pa achikasu limaoneka lodera. Michel Eugène Chevreul, amene ankayang'anira utoto pafakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris, analandira madandaulo akuti ulusi wakuda sukuda mokwanira. Atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto; ulusi wa mitundu ina woyandikana nawo ndiwo unkasokoneza maso. Anafotokoza zimenezi m'buku lake mu 1839.

Palinso vuto la kuthithikana. Mu 1970 Herman Bouma wa ku Netherlands anaonetsa kuti chilembo chimene munthu akuchiona cham'mbali mwa diso chimawerengeka chikakhala chokha, koma chikapanikizidwa ndi zinzake sichidziwikanso. Ndi mmene kachingwe, nthenga ya nkhuku kapena kapulasitiki zimabisalira pamulu wa fodya, munthu ali maso.

Nanga kusankha fodya madzulo ndi tochi ya foni? Kumeneko n'kudziputira mavuto. Alimi anzanga, sankhani kukuwala, masamba ochepa nthawi imodzi, pamalo oyera opanda zinyalala.