Geni yokonza Chingerezi cha ophunzira yafika ku Lirangwe

Nyengo yopereka mapulojekiti m'makoleji ikayandikira, mashopu otayipa ndi kupulinta a pa Lunzu, Chileka ndi Lirangwe sasowa anthu. Koma zaka zaposachedwapa pabuka ntchito ina yopanda chikwangwani pakhomo: kukonza Chingerezi m'maasayimenti a ophunzira. Ambiri oichita ndi aphunzitsi a sekondale, komanso achinyamata amene digiri ali nayo koma ntchito ikuwazemba. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wodziwa kanthu anayamba kufunafuna kageni kowonjezera pa malipiro.

Mmodzi mwa iwo ndi mayi wina wophunzitsa Chingerezi pa sekondale yoyendera, chakufupi ndi msewu wa M1 ukangodutsa pa Lirangwe. Geni yawo imayamba usiku, mbale zitatsukidwa, ana atagona. Ali ndi laputopu yakale imene batire yake inafa kalekale, moti magetsi akathima amapitirizira pa foni, akuwerenga timalemba ting'onoting'ono mpaka maso kuwawa. Ntchito imafika pa WhatsApp. Ina imabwera yotayipa bwino, ina ndi zithunzi za mapepala olembedwa pamanja, zojambulidwa mopendekeka. Amalipiritsa pa tsamba, theka poyamba ndi theka pomaliza, ndalama zikudzera pa foni, chifukwa m'mbuyomo ena ankangolandira ntchito n'kuzimitsa foni.

Makasitomala awo ambiri si anyamata a pakampasi ayi. Ndi aphunzitsi a pulaimale amene akuwonjezera maphunziro ali kwawo, anamwino, ndi ogwira ntchito m'maofesi amene amalowa m'kalasi Loweruka ndi Lamlungu. Anthu akuluakulu, a mabanja awo, amene anasiyana ndi MSCE zaka zambiri zapitazo.

Kagwiridwe ka mayiwa n'kosangalatsa kukaona. Zolakwika zazing'ono, monga kalembedwe ka mawu, nthawi ya aneni, ndi mndandanda wa mabuku kumapeto, amangokonza. Koma akafika pa ndime yosamveka sailembanso. Amaikapo chizindikiro chofiira, n'kumuimbira mwiniwake kumufunsa chimene ankafuna kunena. Tsiku limene ndinawachezera, amene anayankha foni anali bambo wophunzitsa Sitandade 2 ku Chileka, amene ankalemba za chimene chimachititsa ana kujomba nthawi ya dzinja. Pa pepala mfundo zinali zitapiringizana. Pa foni, m'Chichewa, bamboyo anafotokoza momveka bwino za mitsinje yodzaza, za njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, za ana otumidwa kumunda. Mayiwa anangomuuza kuti alembe zomwezo mmene wanenera, atumizenso. Nkhani ankaidziwa bwino lomwe, chinkamutsekereza ndi chilankhulo.

Apa ndi pamene pali mkangano. Aphunzitsi ena a m'makoleji amati malikisi a asayimenti amaphatikiza ndi kalembedwe komwe, choncho dzanja la munthu wina likalowapo, koleji ikupereka malikisi kwa munthu amene sanalembetse sukulu. Nkhawa yawo si yopanda pake. M'geni yomweyi muli ena amene sakonza kanthu, amalemba asayimenti yonse kuchokera pa mutu mpaka pa mathero, wophunzira n'kungoikapo dzina. Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, ena safunanso n'komwe kuwerenga buku: amatulutsa masamba angapo pa kanthawi kochepa n'kugulitsa. Kumeneko ndi kubera mayeso basi. Ndipo ngati wogulayo ndi namwino kapena mphunzitsi wa ana athu, odzavutika ndife tomwe.

Okonza nawo ali ndi yankho lawo. Amati mwana wa ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe ali ndi azakhali kapena amalume ophunzira amene amamuwerengera ntchito kwaulere, ndipo palibe amene amatcha zimenezo kubera. Wa ku Lirangwe alibe womuwerengera. Chingerezi anakumana nacho m'kalasi mokha, nthawi zambiri kalasi yodzaza, buku limodzi ana angapo. Akalipira munthu kuti amuthandize zomwezo, bwanji zikusanduka mlandu?

Chovuta chili pakatikati. Kukonza mneni si kubera, kulemba asayimenti yonse ndi kubera, izi aliyense akuvomereza. Nanga wokonza akasintha kayalidwe ka ndime, yachitatu n'kukhala yoyamba? Nanga akaona kuti mfundo ina yasowa, n'kuitchula? Mayi a ku Lirangwe aja amatchula, koma salemba. Ena amalemba, n'kunena kuti angosalaza. Ine ndikuona kuti njira ya mayiwa ndiyo yolungama, chifukwa mfundo ndi mawu zimakhalabe za mwiniwake, ndipo supavayiza akamufunsa amatha kuyankha. Koma njirayi imawadyera nthawi ndi mayunitsi, ndipo ena amawathawa n'kupita kwa olemba zonse, amene amapereka ntchito m'mawa mwake.

Ndikanakonda makoleji akanalemba poyera malire ake, kuti thandizo lololedwa lifika apa, ndi kuti wophunzira azinena pa tsamba loyamba kuti Chingerezi chake wina anamuwerengera. Zinthu zikamachitika mobisa, wokonza wachilungamo amaoneka ngati wakuba, pamene wolemba zonse amabisala mosavuta pakati pa anzake.

Masiku ano pa foni ya mayiwa sipakufika maasayimenti okha. Pakubwera makalata ofunsira ntchito, ma CV a achinyamata ofuna kupita ku Joni, ngakhalenso malamulo a magulu a banki m'khonde. Mwezi wathawu mlembi wa mpingo wina anatumiza lipoti la pachaka, koma limenelo linali m'Chichewa, ndipo mayiwa akuti zofunika kukonza zinalimonso zambiri.