Zinthu 8 zodabwitsa za mabatani oyambitsiranso makompyuta akale

Makompyuta a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 sankachedwa kukakamira. Pulogalamu ikasokonekera, munthu ankangodina mabatani, makina ali zii. Opanga anayenera kupereka njira yowadzutsira, koma njirayo inali ndi ngozi yake. Zonse zimene munthu walemba zinkakhala m'memori, ndipo kuzisunga pa kaseti kunkadya nthawi, choncho ambiri ankazengereza. Batani loyambitsiranso likakhala poyera, chala chimodzi chikaterereka ntchito ya tsiku lonse yapita. Kampani iliyonse inalimbana ndi vutoli mwanjira yakeyake.

1. Ctrl+Alt+Del sanaipangire anthu wamba. Anaiyambitsa ndi David Bradley, mmodzi wa mainjiniya 12 amene anapanga IBM PC ku Boca Raton, ku Florida, kompyuta imene inatuluka mu 1981. Makinawo ukawazimitsa n'kuwayatsanso ankayamba ayeza memori yonse, ndipo olemba mapulogalamu ankatopa n'kudikira. Bradley anakonza zoti mabatani atatuwa akadinidwa, kompyuta izisiya chizindikiro cha 1234 pamalo ena m'memori. Poyambanso ikachipeza, imadziwa kuti inali yoyaka kale, n'kudumpha kuyezako. Poyamba maganizo anali pa Ctrl+Alt+Esc, koma onsewa ali kumanzere, dzanja limodzi likhoza kuwagunda mwangozi. Del anali kumapeto kumanja kwa kiyibodi ya mabatani 83, moti pankafunika manja awiri.

2. Bill Gates anadzanena kuti kugwiritsa ntchito mabataniwa polowa mu Windows kunali kulakwitsa. Mu 1993 Windows NT inayamba kuuza anthu kuti adine Ctrl+Alt+Del asanalembe pasiwedi. Chifukwa chake chinali chomveka: pulogalamu wamba singathe kulanda mabatani atatuwa, ndiye wakuba sangakunamizeni ndi tsamba labodza lofunsa pasiwedi. Mu 2001, pokondwerera zaka 20 za IBM PC, Bradley ananena moseka, Gates ali pomwepo, kuti iye anangoyambitsa koma wotchukitsa ndi Bill. Mu 2013, polankhula ku Harvard, Gates anati batani limodzi likanakwana, kungoti wokonza kiyibodi ku IBM sanalole.

3. Pa Apple II anthu ankalimbitsa batani ndi kamphira. Kompyuta ya mu 1977 imeneyi inali ndi batani la RESET pamwamba penipeni pa RETURN, batani limene wolemba amadina pamzere uliwonse. Ena ankazula kachipewa ka RESET n'kuikamo kamphira pansi kuti lisamatsike msanga. Pambuyo pake Apple inakonza zoti lizigwira ntchito pokhapokha wagwiranso Control. Pa Apple IIe ya mu 1983 anawonjezera mabatani awiri okhala ndi chithunzi cha apozi. Control, apozi wosadetsa ndi RESET zinkayambitsanso kompyuta, pomwe ukasankha apozi wodetsa makina ankadziyeza okha. Mabatani a apoziwo anawalumikiza ku mawaya a mabatani osewerera magemu, moti batani la joystick linkagwira ntchito yomweyo.

4. Pa TI-99/4A, kuphonya chizindikiro chophatikiza kunkafufuta zonse. Texas Instruments inatulutsa kompyutayi mu 1981. Kuti ulembe +, unkagwira SHIFT ndi batani la =. Kuti utseke zonse n'kubwerera poyambira, unkagwira FCTN ndi batani la = lomwelo. SHIFT ndi FCTN anali moyandikana cha pansi kumanja, ndipo kompyutayo sinkafunsa n'komwe ngati watsimikiza. Wolemba masamu m'chinenero cha mapulogalamu cha BASIC akasemphanitsa chala, pulogalamu yonse inkapita.

5. Batani la RESTORE pa Commodore 64 linkafuna kumenya. Pa kompyuta ya mu 1982 imeneyi, pulogalamu ikakana kuima unkagwira RUN/STOP n'kudina RESTORE. Batani limeneli silinkadutsa njira ya mabatani enawo. Linali ndi waya wakewake wopita kukasokoneza purosesa. Pamakina ambiri oyambirira, kulidina mofatsa sikunkaphula kanthu chifukwa cha kachipangizo kakang'ono kamene kankangomva kusintha kwadzidzidzi kwa magetsi, choncho eni ake anazolowera kulithibula ndi chala. Ubwino wake, pulogalamu ya BASIC inkatsala. Batani lenileni loyambitsiranso panalibe. Wofuna kuyamba mwatsopano ankalemba SYS 64738, ndipo olimba mtima ankagunditsa timapini tiwiri ta kumbuyo kwa makina ndi kawaya komangira mapepala. Batanilo linadzabwera pa Commodore 128 mu 1985.

6. ZX Spectrum inalibe ngakhale switchi yozimitsira. Clive Sinclair wa ku Britain ankafuna kompyuta yotchipa, ndipo pa Spectrum ya mu 1982 anachotsa chilichonse chimene akanatha kuchotsa. Gemu ikakakamira, mwana ankazula chingwe cha magetsi kumbuyo n'kuchilowetsanso, kenako kubweza kaseti poyambira ndi kudikira mphindi zingapo kuti gemuyo ilowenso. Ngati kiyibodi ikuyankhabe, ankatha kulemba RANDOMIZE USR 0. Kabatani koyambitsiranso kanadzaonekera m'mbali mwa Spectrum+ mu 1984.

7. BBC Micro inkabweza zimene wataya. Kompyuta ya kampani ya Acorn imeneyi, ya mu 1981, inadzaza m'masukulu a ku Britain, kumene zala za ana sizikhala phee. Batani la BREAK palokha linkayambitsanso makina, koma silinkafufuta memori. Ukalemba OLD nthawi yomweyo, pulogalamu yako ya BASIC inkabwerera. SHIFT ndi BREAK zinkatsegula pulogalamu ya pa disiki, ndipo CTRL ndi BREAK zinkayambitsa makina pafupifupi ngati angoyatsidwa kumene. Pa BBC Master ya mu 1986 anaikapo kaloko kotembenuza ndi sikuludiraiva, kuti mphunzitsi athe kumanga batani la BREAK ana asanalowe m'kalasi.

8. Pa Amiga, vayirasi inkapulumuka kuyambitsanso. Amiga, imene inayamba kugulitsidwa mu 1985, inkafuna Ctrl ndi mabatani awiri a mbali zonse za batani lalitali lija lodumphira mpata. Kuyambitsanso kotereku sikunkathimitsa magetsi, ndiye zina za m'memori zinkatsala. Izi zinkathandiza amene ankasungamo mafayilo, koma zinathandizanso vayirasi ya SCA ya mu 1987, yolembedwa ndi gulu la Swiss Cracking Association. Munthu ankadina mabatani atatu aja akuganiza kuti wayeretsa makina, n'kulowetsa disiki ina, vayirasi n'kudzikopera pomwepo. Yankho linali kuzimitsiratu magetsi n'kudikira pang'ono.

Pa onsewa, amene anaganizira bwino wogwiritsa ntchito anali a Acorn, chifukwa anavomereza kuti munthu adzalakwitsa ndithu n'kumusiyira njira yobwezera. Ena anangotalikitsa mabatani kapena kuwalimbitsa. Inu amene mumagwiritsa ntchito Windows, dziwaninso ichi: Ctrl+Shift+Esc, imene lero imatsegula Task Manager, pa Amstrad CPC ya mu 1984 inkafufuta zonse. Mukadzakhala pa kompyuta yakale, sungani kaye ntchito yanu musanayese mabatani amene munazolowera.