Nzeru za siginala zisamathere panyanja

Dzuwa likamapendeka padoko la Sanga, pakati pa Nkhata Bay ndi Chintheche, munthu amene asodzi amamudalira kwambiri ndi siginala, uja amatsogola yekha m'bwato laling'ono atanyamula nyali. Ntchito yake ndi kupeza usipa umene maso ake sakuwuona. Amayang'ana mwezi, poti ukawala kwambiri nyali sizikopa nsomba. Amamvetsera mphepo, chifukwa mwera wa m'miyezi yozizira uli ndi khalidwe lake, mpoto ulinso ndi lake. Amaona kumene madzi akukokera, amakumbukira za dzulo ndi za chaka chatha, kenako amalumikiza zonsezi m'mutu n'kulamula kuti ukonde wa chilimira uponyedwe apa. Akaphonya, gulu lonse limabwerera chimanjamanja, mafuta a injini atapita pachabe.

Kumeneku ndiye kuganiza mozama kumene ena amayesa kuti kumaphunziridwa kuyunivesite kokha: kuchoka pa zimene ukuona n'kufika pa zimene sukuziona, osadumpha umboni.

Nyanja imaphunzitsanso kuti maso amanamiza. Mu 1861 David Livingstone ndi anzake ataona mitambo yakuda ikutuluka pamadzi a nyanja ya Malawi anayesa utsi. Inali nkhungu, tizilombo touluka timene mphutsi zake zimakulira pansi panyanja. Mwana wa ku Kande kapena ku Usisya sangasokonezeke nazo, amadziwa kuti ndiwo zikubwera.

Chodandaulitsa n'chakuti luso lomweli nthawi zambiri limasiyidwa m'bwato anthu akatsikira kumtunda. Nsomba zikasowa, mphekesera zimathamangira kwa nkhalamba ina kuti yatseka nyanja, pamene ukonde wa udzudzu umene wakhala ukukokolola tiana ta nsomba uli poyanikidwa aliyense akuwuona. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti, koma lamulo palokha silingamuphunzitse munthu kufunsa kuti, kodi wanena ndani, ndipo waona chiyani?

Kolera itavuta m'boma la Nkhata Bay mu 2022 inayesa anthu pa mfundo yomweyi. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera bwino, ndipo kuvomereza kuti muli tizilombo tosaoneka kumafuna maganizo ngati a siginala aja. Amene anavomereza anathira kolorini m'madzi akumwa n'kuthamangira kuchipatala atangoyamba kutsegula m'mimba. M'madera ena a dziko lino, mabodza anachititsa anthu kuukira azaumoyo, mliri womwewo n'kupha anthu oposa 1,700.

Makomiti a m'madoko, amene lamulo la za usodzi la 1997 linawatsegulira njira, ali ndi ntchito yovuta kuposa pamenepa. Amapempha msodzi amene ana ake agona ndi njala kuti asiye chambo chiswane, ndiye kuti aganizire nsomba zimene sizinabadwe. Si pempho lopepuka, ndipo wolinyoza sanamvepo njala. Komabe kumene mafumu, asodzi ndi amayi ogula nsomba akhala pansi n'kukambirana chifukwa chake, osati kungolandira chiletso chochokera kuboma, malo oswanirana nsomba amalemekezedwa.

Aphunzitsi a m'masukulu a m'mbali mwa nyanja angachite bwino kuitana siginala m'kalasi kuti afotokozere ana mmene amadziwira pamene pali usipa.